PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUPHUNZITSA ANA AANG'ONO MALEMBO NDI ZIPANGIZO ZOPANGA TOKHA

Mawu oyamba

Amayi anzathu, mwezi uno tikambirana za ana athu a zaka ziwiri mpaka zisanu, aja sanayambe Sitandade 1. Funso limene limabwera kawirikawiri tikakumana ndi lakuti: kodi mwana ayambe liti kudziwa malembo, nanga tiyambe naye bwanji? Ena amaganiza kuti imeneyi ndi ntchito ya aphunzitsi okha. Ena amaganiza kuti pakufunika ndalama zogulira matchati ndi zidole za m'masitolo akuluakulu a ku City Centre ndi ku Old Town. M'phunziro lino tiona kuti mwana wamng'ono amaphunzira lembo ndi makutu, pakamwa ndi manja, ali pafupi ndi munthu amene amamukonda, ndipo zipangizo zake tili nazo kale m'makomo mwathu.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika

M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana ankhaninkhani analowa sukulu. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi anadzaza kwambiri. Mpaka lero si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 ali ndi ana oposa 100. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale wodzipereka chotani, sangathe kugwira dzanja la mwana aliyense. M'chaka cha 2010 kunachitika kafukufuku woyesa kawerengedwe ka ana m'dziko muno, ndipo anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani kachidule ka Chichewa. Zotsatira zonga zimenezi ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti m'chaka cha 2016 boma likhazikitse ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4.

Mwana amene walephera kuwerenga m'makalasi oyamba amavutika m'maphunziro ena onse, pakuti masamu, sayansi ndi mbiri zonse zimadzera m'kuwerenga. Amabwereza kalasi, amachita manyazi, mapeto ake amasiya sukulu. Koma mwana amene wafika ku Sitandade 1 akudziwa kale kuti zolembedwa zimayankhula, akuzindikira dzina lake ndi malembo angapo, amayamba ali ndi poponda. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo si mwangozi kuti sukulu za ana aang'ono za m'madera mwathu zimatchedwa ndi mwambi womwewu. Boma linakhazikitsa mfundo zoyendetsera chisamaliro ndi maphunziro a ana otere m'chaka cha 2003, koma sukulu yoyamba yeniyeni ikadali pakhomo.

Muno mu Lilongwe vutoli lili ndi nkhope ziwiri. Ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi madera ena otere, mwana amakhala ndi zidole zambiri, wailesi ya kanema ndi foni ya amayi ake, koma nthawi yocheza ndi munthu wamkulu imachepa chifukwa makolo amalawirira ku ntchito ku Capital Hill kapena m'maofesi a ku City Centre. Ku Kawale, ku Mchesi ndi kwa Chinsapo, kholo limatha kunena kuti palibe chimene lingachite popeza lilibe ndalama yogulira buku. Onse awiriwa akhoza kuthandizidwa ndi njira imodzi.

Nzeru imeneyi si yachilendo

M'chaka cha 1907, mayi wina wa ku Italy, dokotala Maria Montessori, anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Atafuna kuyamba kuphunzitsa malembo, anapeza kuti kupangitsa malembo okongola kwa amisiri kunali kodula. Tsono iye ndi aphunzitsi ake anadula malembo pa pepala lokhakhala lija akalipentala amasalazira matabwa, nawamata pa makadi. Ana ankatsata lembo lililonse ndi chala uku akutchula liwu lake, ndipo ambiri anayamba kulemba asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi. Lero sukulu zodula zimanyadira dzina la mayiyu, koma njira yakeyo inabadwa chifukwa cha kusowa.

Kwathu kuno, aphunzitsi amadziwa mawu akuti TALULAR, amene amatanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera momwemo. Bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi lakhala likulimbikitsa njirayi kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ngati mphunzitsi wa ana 100 angathe kupanga zipangizo ndi makatoni ndi mapesi, nanga ife amene tili ndi mwana mmodzi kapena awiri pakhomo tingalephere bwanji?

Tiyambe ndi chiyankhulo chimene mwana akuchidziwa

Makolo ambiri amakondwa mwana akamayimba malembo a Chingerezi kuyambira A mpaka Z. Nyimboyo ndi yabwino, koma kuyimba si kuwerenga. Mwana akhoza kuyimba yonse osazindikira lembo ngakhale limodzi akaliona palokha.

Chichewa chili ndi mwayi waukulu kwa mwana woyamba kumene. Malembo athu a liwu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lalembedwa. Lembo la a m'mawu akuti ana ndi lomwelo m'mawu akuti atate ndi madzi. M'Chingerezi si choncho: lembo lomwelo limatchulidwa mosiyanasiyana malinga ndi mawu amene lilimo, ndipo dzina lake ndi losiyana ndi liwu lake. Komanso Chichewa sichigwiritsa ntchito q ndi x, ndipo c amayenda ndi h nthawi zonse. Mwana amene wagwira chinsinsi chakuti lembo limayimira liwu, m'chiyankhulo chimene amayankhula tsiku ndi tsiku, amanyamula nzeru imeneyo kupita nayo ku Chingerezi. Sitikunena kuti mwana asaphunzire Chingerezi ayi. Tikunena kuti nyumba imayambira pa maziko. Pakhomo pamene amayankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chitonga, mfundo yake ndi yomweyi.

Nanga tiyambe ndi lembo liti? Poyamba penipeni, lembo loyamba la dzina la mwanayo. Tadala adziwe T wake, Kondwani adziwe K wake, Alinafe adziwe A wake. Palibe mawu amene mwana amawakonda kuposa dzina lake. Ngati dzina likuyamba ndi malembo ophatikizana monga Chisomo kapena Thokozani, timuonetse awiriwo pamodzi monga momwe alili.

Kuchoka apo, sitiyenera kutsata a, b, c. Akatswiri okonza mabuku ophunzitsira kuwerenga m'dziko muno anasanja malembo motengera amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa, ndipo aphunzitsi amaukumbukira mndandandawo ndi mawu akuti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake ndi wakuti mwana akangodziwa a ndi n, wawerenga kale mawu akuti ana. Akawonjezera i, k ndi u, akhoza kuwerenga ika, kana ndi anu. Akafika pa o, ali ndi moto, mutu ndi mano. Mwana amalimba mtima akaona kuti malembo ochepa omwewo akumupatsa mawu enieni.

Zipangizo zisanu ndi ziwiri zimene tingapange

1. Malembo a mchenga. Tidule katoni m'zidutswa zazikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Tilembe lembo limodzi lalikulu pa chidutswa chilichonse. Tiphike phala lopyapyala la ufa wa kondowole kapena wa tirigu mpaka litanda, lizizire, ndipo tilipake motsata lembo lija. Tiwazepo mchenga wosefa, wotsuka ndi wouma bwino, kenaka tiyanike padzuwa. Mwana azitsata lembolo ndi chala cha mkombaphala, kuyambira pamene timayambira polemba, uku akutchula liwu lake. Chala chikamayenda pa mchenga, dzanja limasunga njira ya lembolo mwanayo asanagwire pensulo.

2. Malembo a nsalu. Atelala a mumsika waukulu wa ku Old Town ndi a m'makonde a masitolo amakhala ndi zidutswa za zitenje zimene amangotaya. Tikawapempha mwaulemu amatipatsa. Tidule lembo pa nsalu ziwiri, tisoke, tiike tizidutswa tina mkati ngati kapilo. Awa ndiwo oyenera mwana wa zaka ziwiri chifukwa ndi ofewa, sangamupweteke, ndipo amachapika. Amayi odziwa kusoka m'gulu mwathu angathe kutsogolera ntchito imeneyi.

3. Malembo a dongo. Ana athu amadziwa kale kuumba ng'ombe ndi timiphika. Tiwaonetse kufyulula dongo kukhala lalitali ngati chingwe, kenaka kulipinda. Likakumana mutu ndi mchira ndiye o. Likapindika ngati mphika wopanda chivundikiro ndiye u. Kamtengo ndi kampira pamwamba ndiye i. Kukanya dongo kumalimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo.

4. Malembo a chingwe. Chingwe cha khonje, ulusi wotsala poluka kapena mlaza zimamatika pa katoni ndi phala lomwe lija. Zimathandiza pa malembo okhotakhota monga s, e ndi m.

5. Lichero la mchenga. Tithire mchenga pang'ono m'lichero lakale kapena m'mbale yotakata. Mwana alembe ndi chala, akalakwitsa agwedeze, ayambirenso. Apa palibe kufufuta, palibe kung'amba kope, palibe kulira. Pabwalo losesa bwino kapena pakhonde ndi khala, ntchito yake ndi yomweyo.

6. Zitsekerero za mabotolo. Izi ndi za ana a zaka zinayi ndi zisanu. Titsuke zitsekerero za pulasitiki, timate kapepala ka lembo limodzi pa chilichonse. Mwana aziyendetsa m pafupi ndi a kuti apange ma, kenaka me, mi, mo, mu. Awa ndiwo maphatikizo amene ambiri a ife tinaphunzira m'buku lija la Sosa, koma tsopano mwana akuwagwira ndi manja ake.

7. Dengu la lembo. Sabata imene tikuphunzira k, tiyende ndi mwana m'nyumba ndi panja kutolera zinthu zoyamba ndi liwu limenelo: kapu, kandulo, katoni. Sabata ya p: poto, pepala, papaya. Sabata ya s: sopo, supuni, sefa. Ya u: ufa, udzu, ulusi. Apa tisamale posankha mawu. Tisankhe mawu amene lembolo likutsatidwa ndi lembo la liwu nthawi yomweyo. Pa m titenge moto kapena mango, osati mbuzi. Pa n titenge nanazi, osati nkhuku. Mawu a malembo ophatikizana adzabwera pambuyo.

Zonsezi tikamaliza, tingathe kusoka makadi a katoni pamodzi kukhala buku la mwanayo, tsamba lililonse lembo limodzi ndi chithunzi chodula m'nyuzipepala kapena chojambula yekha. Buku lodzipangira amalisamala kuposa logula. Tikumbukirenso kuti mphemvu, mbewa ndi chiswe zimakonda phala, ndipo nthawi ya dzinja katoni imanyowa. Tisunge zipangizo zathu m'chidebe chokhala ndi chivundikiro.

Msinkhu uliwonse ndi zake

Mwana wa zaka ziwiri sitimuphunzitsa kulemba. Ntchito yake ndi kumva mawu ambiri. Tiziyankhula naye pophika, pochapa ndi popita kumsika, tizimuuza mayina a zinthu, tizimuyimbira ndi kumufotokozera nthano. Malembo a nsalu akhale zidole chabe.

Wa zaka zitatu angathe kuzindikira lembo la dzina lake, kutsata lembo la mchenga ndi kuumba dongo. Tizisewera naye masewera a makutu: ndani pakhomo pano dzina lake likuyamba ngati mango? Tiziwomba m'manja potchula mawu, kawiri pa ga-lu, katatu pa ka-lu-lu.

Wa zaka zinayi ndi zisanu ndiye wa anikumeto, zitsekerero ndi maphatikizo. Lembo limodzi pa sabata ndi lokwanira. Tiyambe ndi malembo aang'ono chifukwa ndiwo ochuluka m'mabuku, ndipo lalikulu likhale la poyamba pa dzina.

Nthawi yake ikhale yochepa, mphindi 10 kapena kucheperapo, ndipo tisiye mwana akadali wokondwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zoyenera kupewa

Choyamba, tisamenye kapena kukalipira mwana chifukwa cha lembo. Mwana amene walirira a sadzakonda buku. Tisamuyerekeze ndi mwana wa mnzathu, pakuti ana sakula mofanana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, tisadandaule mwana akatembenuza b kukhala d kapena p. Pa moyo wake wonse kapu yakhala kapu ngakhale itayang'ana uku kapena uko, tsono akudabwa kuti lembo likatembenuka limasintha dzina. Zimenezi zimatha zokha akamakula. Chofunika ndi kusaphunzitsa malembo ofananawa sabata zotsatizana. Mwana wamanzere timusiye ndi dzanja lake.

Chachitatu, tisamale za ngozi. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu. Nyemba, chimanga, mikanda, mabatani ndi zitsekerero zisakhale pafupi naye. Zitsekerero za chitsulo zimacheka. Lumo, sizasi ndi singano ndi za akuluakulu okha. Dongo ndi mchenga zichokere pamalo aukhondo, kutali ndi zimbudzi ndi ngalande, ndipo mwana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera.

Chachinayi, foni si mphunzitsi. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema kapena foni, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kanema amayankhula koma samvetsera. Mwana amafuna munthu amene angamuyankhe, kumuseketsa ndi kumukonza mwachikondi.

Chachisanu, tikaona kuti mwana satembenuka tikamuitana, wachedwa kwambiri kuyankhula, kapena amayandikiza zinthu kumaso, tisamutche wopusa. Tipite naye ku sikelo kapena kuchipatala kuti akamuyeze makutu ndi maso.

Ndani aphunzitse?

Ambiri a ife timachoka m'mawa ndi kubwera madzulo titatopa. Amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndi agogo, azakhali kapena mtsikana wotithandiza ntchito. Tikhale nawo pansi, tiwaonetse kagwiritsidwe ntchito ka zipangizozi, ndipo tiwapatse mpata pa ntchito zawo kuti akhale ndi mwana. Tisawaletse kuyankhula Chichewa ndi mwanayo poopa kuti adzalephera Chingerezi. Nthano ndi nyimbo zimene iwo akudziwa ndi chuma. Ngati wotithandizayo sanapite patali ndi sukulu, malembo omwewa angathe kumutsegulira njira iyenso, bola tichite mwaulemu osamuchititsa manyazi.

Abambo nawo asatsalire. Kudula makatoni ndi kukhala pamphasa ndi mwana mphindi 10 akaweruka si ntchito ya amayi okha. Achimwene ndi achemwali a mwanayo amene ali kale pasukulu amakondanso kukhala aphunzitsi.

Pali mwana winanso amene tiyenera kumukumbukira. M'mipanda yambiri ya kumayadi muli ana awiri a msinkhu umodzi: wa m'nyumba yaikulu amene amapita ku nazale pa galimoto, ndi wa kuseri, mwana wa mlonda, wa m'dimba kapena wophika, amene amatsala.  Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lichero la mchenga limakwana zala za ana awiri, ndipo ana amaphunzira msanga akakhala ndi mnzawo.

Kuchoka pa lembo kufika pa buku

Malembo ndi khomo chabe, cholinga chathu ndi chakuti mwana akonde kuwerenga. Ife a muno mumzinda tili ndi mwayi pakuti likulu la National Library Service lili ku Area 13, pa City Centre pomwepa. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, lili ndi mabuku a ana, ndipo linasindikizapo timabuku ta ana totchedwa Werengani. Ambiri timadutsa pafupi ndi nyumbayi popita ku banki kapena kuntchito osalowamo. Tipeze tsiku lopitako ndi ana kuti aone anthu akuluakulu atakhala chete akuwerenga. Pobwerera, tiziwafunsa kuti atipezere lembo la sabata imeneyo pa zikwangwani za masitolo, pa minibasi ndi pa paketi ya shuga. Mzinda wonse wadzaza ndi malembo, chofunika ndi munthu wolozera.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ana a msinkhu umenewu m'makomo mwathu amakhala ndi yani nthawi yaitali, ndipo amamva chiyankhulo chanji?

2. Ndi zinthu ziti zimene timataya sabata iliyonse zimene zingasanduke zipangizo zophunzitsira?

3. Tingamuyankhe bwanji kholo limene likuti mwana wake asayambe ndi Chichewa?

4. Kodi pali ana pafupi nafe amene sapita ku nazale kapena ku sukulu ya mmera mpoyamba? Tingawafikire bwanji?

Ntchito ya mwezi uno

Pa msonkhano wotsatira, mayi aliyense abwere ndi katoni imodzi, zidutswa za nsalu ndi sizasi. Awiri abwere ndi phala lomatira ndi mchenga wosefa. Tigawane malembo asanu ndi anayi a anikumeto, ndipo tipange magulu awiri a malembowo: lina la kunyumba, lina lokapereka ku sukulu ya mmera mpoyamba imene ili pafupi nafe. Amene ana awo anakula apangire zidzukulu kapena ana a oyandikana nawo. Pakatha mwezi tidzafotokozerane kuti ndi chipangizo chiti chimene ana anachikonda, ndi chiti chimene chinawonongeka msanga, ndi lembo liti limene linawavuta, kuti tidzakonze bwino malembo otsalawo.